Msomali wa a Kwecha ndi Kalilole wa Akazi Awo

A Kwecha sankatha kuona galasi osalikanda. Anthu ena akaona galasi amadziyang'anirapo, ena amalipukuta, koma malemu aja akangoliona dzanja linkapita lokha m'thumba, n'kutulukamo ndi msomali wakuda uja wokhomera pakonkire, kenaka kwee! Mwini galasi akamati atsegule pakamwa, mzere unali utadutsa kale. Ndiye iwo ankaweramira pafupi, diso limodzi atatsinzina, n'kupukusa mutu mwachisoni, n'kumuuza munthuyo kuti pepani achimwene, galasi lanuli ndi lamaliseche. Chibakera choyamba chinkafika cha pamenepo.

Musaganize kuti mutu unali wosokonekera. Imeneyi inali ntchito yawo, vuto linali lakuti sankaweruka. Ankagwira ntchito ku fakitale ya magalasi ija ili kuseri kwa depoti, kumene amaveka magalasi kakhungu kolimba, ka mtundu wa zimene amapangira matailosi ndi makapu oyera a tiyi. Kakhunguko n'kopyapyala kuposa khoko la anyezi, ndi maso simungakaone, koma kakagwira bwino, mchenga, kiyi kapena mphete zimangoterereka pamwamba m'malo moluma galasi. A Kwecha ndiwo ankayesa ngati kagwira. Makina oyesera analipo, kamkono kachitsulo kongopita uku ndi uku kukwecha galasi tsiku lonse, ndipo dzina lawolo linachokera pamenepo, koma iwo makinawo ankawanyoza. Ankati makina alibe mkwiyo. Galasi likatuluka pageti limakakumana ndi zidakwa, ana achipongwe ndi akazi okwiya ovala mphete, ndiye woliyesa ayenera kukhala ndi kamtima koipa pang'ono.

Anali ndi njira yawoyawo. Galasi lisanalowe m'chipinda chovekera, ankalimata pepala theka, kuti mbali imodzi ivale, inayo ikhale yamaliseche. Likatuluka ankamatula pepala lija, n'kuika msomali kumapeto a mbali yamaliseche, n'kuukoka ndi mphamvu zonse mpaka kutsidya. Msomali unkalira, kusiya mzere woyera, koma ukafika pakati unkangoti zii, n'kuterereka osasiya kanthu. Mzere ukaima pakati, a Kwecha ankavina ndi majombo omwe. Ukapitirira, ankatukwana fakitale yonse kuyambira mlonda wapageti mpaka eni ake. Nyimbo yawo inali imodzi: kusweka ndi tsoka, koma kukandika ndi manyazi.

Zikanathera ku fakitale komweko bwenzi tilibe nkhani. Wometa wapakona anagula kalilole watsopano, n'kuyamba kuuza aliyense kuti ndi wochokera kunja, sakandika. Mawu amenewa kwa a Kwecha kunali kuitanira galu fupa. Anapita kukameta tsitsi lisanakule n'komwe. Anakhala pampando, nsalu m'khosi, mutu utametedwa mbali imodzi, dzanja n'kutuluka pansi pa nsalu ija. Kwee! Wometayo anawakhoma ndi makina ometera pachipumi, n'kutola lumo, n'kuwathamangitsa msewu wonse, nsalu ikuuluka kumbuyo, magazi akulowa m'diso, iwo akufuula cham'mbuyo kuti achimwene, anakunamizani, mukabweze. Panalibe wometa wina amene akanawalola kulowa, ndiye anayenda ndi tsitsi mbali imodzi mpaka linalingana lokha. Anzawo ku ntchito ankati nawonso awamata pepala theka.

Wogulitsa timagalasi toteteza mafoni ndiye anawachotsa mano akutsogolo. Ameneyu ankaima pamphambano ndi tebulo lake, akukanda foni yake ndi kiyi pamaso pa anthu kuti aone kuti sipachitika kanthu. A Kwecha anaima, anaonerera, kenaka n'kupempha mwaulemu kuti nawonso ayeseko. Kiyi anaikana, anati kiyi ndi yofewa, ndi chidole cha ana. Msomali utadutsa, foni inasanduka yoti woimba sungamuwerenge dzina. Mkuluyo anaika foniyo patebulo. Ananyamula benchi. M'bale wake wogulitsa nsapato anabwera ndi gogoda m'manja, ndipo anawathidzimula a Kwecha mpaka anagwera mu ngalande, n'kuwatsatira momwemo. Apolisi atawalanditsa, anawatengera kupolisi onse atatu. Wapolisi wamkulu anavula magalasi ake akuda n'kuwaika patebulo kuti amve nkhani bwino. Anthu amene analipo amati a Kwecha analimbana nalo dzanja lawo, analikhalira, analipana ndi maondo, pakamwa pakutuluka thovu la magazi, koma dzanjalo linapambana. Anakagona m'chitokosi nthiti zikuwawa mbali zonse, ndipo pambuyo pake ankati anapumako bwino chifukwa mawindo a kumeneko alibe magalasi.

Wokawatulutsa, wowatsuka mabala, wosoka malaya ong'ambika ndi wopepesa eni magalasi anali mmodzi yemweyo: akazi awo, amene tonse timangowatchula kuti a Telala. Mayi wamfupi, wa manja olimba, wosaseka pachabe, tepi yoyezera ili m'khosi ngakhale popita kumaliro. Ankasokera m'chipinda chakutsogolo kwa nyumba yawo, ndipo m'chipindamo munali chinthu chimene chinawasowetsa mtendere ukwati wawo wonse: kalilole wamkulu, wotalika kuposa munthu, wotambalala moti anthu awiri ankaimapo mosapanikizana. Anawasiyira ndi amayi awo, amenenso anali telala. Akwatibwi a dera lonse ankadziona koyamba m'diresi loyera pa kalilole ameneyo, ndipo mkwatibwi safuna kudziona atadulidwa pamimba ndi mzere. Komanso a Telala pamene ankakula, nkhope imene ankaiona mmenemo inkafanana kwambiri ndi ya amayi awo, ndiye kalilole ameneyo sankamuona ngati katundu.

M'nyumba yonse galasi losakandidwa linali lokhalo. Mawindo, matambula, galasi la wotchi yapakhoma, la chithunzi cha ukwati wawo, zonse zinali ndi mizere ngati pakhola pa nkhuku. Ndipo a Kwecha kalilole ameneyo ankamulota.

"Mayi, kalilole wanuyu ndi wamaliseche."

"Musiyeni choncho. Anabadwa choncho."

"Ndingomutenga, tikamuveke theka, madzulo abwera."

"Kenaka?"

"Kenaka kamzere kamodzi. Kakang'ono. Nanga mungadziwe bwanji kuti wavala popanda kamzere?"

"Bambo, mukuiona sizasi iyi? Tsiku limene msomali wanu udzakhudze kalilole wa amayi anga, ndidzakudulani chala chimenecho, n'kukusokerani m'thumba momwemo."

Sikunali kuopseza chabe. Ndodo yoyezera nsalu inathyokera pamsana pa a Kwecha tsiku lina atawapeza akumupumira kalilole n'kumamupukuta ndi mkono wa malaya. Simbi yamakala inawaulukira paphewa n'kusiya chipsera chimene anapita nacho kumanda. Kuseri kwa dzanja lawo lamanja kunali timadontho takuda ta masingano. A Telala ankamenya akulalata kuti samvamkunkhu anamva nkhwangwa ili m'mutu, a Kwecha akuthawa kuzungulira makina osokera, akuyankha kuti galu wamkota sakandira pachabe. Oyandikana nawo anasiya kuleretsa. Akamva chinthu chikugwa ankangoti, kalilole uja wayambanso.

Potsiriza anapangana lamulo. Pakhomo pa chipinda chosokera panaikidwa kambale, ndipo a Kwecha asanalowe ankasiya msomali m'kambalemo, akazi awo n'kuwasecha matumba onse ndi masokosi omwe. Akatero ankaloledwa kuima pa kalilole m'mawa uliwonse kumanga mabatani a malaya. Malo awo anali kumanzere. A Telala ankaima kumanja, akumanga mpango kumutu, sizasi ili pafupi. Ankaima choncho phewa ndi phewa, wina zala zili pa mabatani, wina diso lili pa zalazo. A Telala sakanavomera ngakhale mutawapanikiza bwanji, koma pa tsiku lonse nthawi imeneyo ndiyo ankaikonda.

Kenaka mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutali, anachira mwana woyamba movutikira, ndipo a Telala anayenera kupita kukamusamala milungu ingapo. Za mdzukulu anakondwa, koma mtima unatsalira pa kalilole. Anakhoma chipinda ndi loko wamkulu, kiyi n'kupatsa achimwene awo ogulitsa nyama, chimunthu cha khosi ngati mtondo, chimene chinkadula mwendo wa ng'ombe kamodzi kokha. Anawauza kuti alamu anu akangoyandikira chitsekochi, musafunse, yambani ndi miyendo.

Pobwera anapeza amuna awo diso lili lotupa ngati tomato, mkono uli m'khosi, achimwene awo khutu litakulungidwa bandeji. Onse awiri anati anagwa. Wina anagwa pa njinga, wina anagwa pa nyama. A Telala sanavule n'nsapato zomwe. Anatsegula chipinda, kukankha makatani, n'kumuyang'ana kalilole kuyambira pamwamba mpaka pansi, cham'mbali, chogwada, akuyendetsa chikhadabo paliponse. Panalibe kanthu, ngakhale kokhala ngati tsitsi. Anatulukabe n'kuwakwapula amuna awo ndi ambulera pamsana, kuti zimenezo n'za zimene munaganiza ndili kulibe.

Chimene chinawadabwitsa n'chakuti kuyambira pamenepo a Kwecha anasiya kupempha. Msomali ankasiya m'kambale osauzidwa, ankaima kumanzere kwawo, kumanga mabatani, n'kumamwetulira ndi mpata wa mano uja ngati munthu wadya chinthu mobisa. Nthawi zina ankangoti tsiku lina mudzandipempha nokha, mayi. A Telala ankayankha kuti tsiku limenelo nkhuku zidzamera mano, koma mumtima ankada nkhawa, poti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anaonanso kuti popukuta kalilole, nsalu inkathamanga ikafika mbali ya kumanja, ndipo zala za makasitomala sizinkadindako kwenikweni. Anangoti mwina dzanja lawo limazolowera mbali imeneyo.

A Kwecha sanafe ndi chibakera, ngakhale tonse tinkayembekezera choncho. Anafera pabwalo la fakitale masana dzuwa likuswa mtengo. Ankatsitsa pa lole chibokosi cha magalasi ovekedwa kale, unyolo n'kuduka, chibokosicho n'kupendama. Ena onse anathawa. Iwo, amene anathawapo lumo, benchi ndi simbi yamoto, anathamangira komweko manja ali m'mwamba kuti achigwire. Chinawaphwanya pachifuwa, magalasi n'kuwamwazikira ponseponse, ndipo pamene ankachinyamula anali atapita kale. Kapitawo wawo ndi amene anabwera kudzanena kunyumba, chipewa chili m'manja. Atasowa mawu otonthoza, anangoti mayi, magalasi aja asweka onse, koma tayang'ana zidutswa, palibe chokandika. A Telala anamuwomba mbama imene inamveka kumsewu, kenaka n'kumugwira malaya, n'kulira pachifuwa pake.

Ku maliro kunabwera aliyense amene anawamenyapo, ndiye kunadzaza. Wometa analipo, wa mafoni ndi m'bale wake ananyamula nawo bokosi, wapolisi wamkulu anaima kumbuyo. Patatha masiku kapitawo anabweretsa zimene anapeza m'thumba la ovolosi: msomali uja basi. A Telala anauponya m'kambale pakhomo.

Msewu wathu unakhala chete mochititsa manyazi. Kale a Kwecha akangotulukira pakona, ogulitsa ankavula magalasi amaso, mafoni ankalowa m'matumba, wa golosale ankagona chafufumimba pa kauntala yake yagalasi. Tsopano magalasi anangokhala poyera, opanda wowaopsa, ndipo anthu anayamba kuchita zodabwitsa. Wometa anakatenga kalilole wokandika uja kumene anamuponya, n'kumupachika kutsogolo, ndipo aliyense wokhala pampando ankayamba wamva nkhani ya nsalu youluka. Wa mafoni foni ija sanaisinthe galasi. Wapolisi ankavalabe magalasi akuda aja, mzere uli padiso lamanzere, akuti anazolowera. Paliponse pamene a Telala ankadutsa, wina ankawakoka dzanja kuti mayi, bwerani muone, uwu ndi wa malemu, anaukanda ndili pomwepa.

Zimenezi zinawapweteka kuposa maliro enieniwo. Anthu amene anawachotsa mano amuna awo anali ndi mzere woonetsa. Mizere ya m'mawindo ndi m'matambula a kunyumba sankaiwerengera, imeneyo inali yongopoletsera dzanja. Umene amuna awo anaupempha moyo wawo wonse, a Telala anaukaniza, ndipo anapambana. M'mawa uliwonse ankaima kumanja kwa kalilole wosalala bwino, kumanga mpango, kumanzere kuli khoma ndi makina osokera.

Tsiku lina m'mawa mpango unakana kumangika. Anaumasula, anaumanganso, unakana. Mkwiyo unawakwera wa kale uja, koma panalibe msana woti ndodo igwerepo. Anapita pakhomo, n'kutola msomali m'kambale.

"Nkhalamba yosamva inu," anatero akuyang'ana mbali yopanda munthu ija. "Munathamangira bokosi ngati muli mwana wanu. Nayu kalilole wanuyo. Mwakondwa?"

Anaika msomali kumapeto a kumanzere, n'kuugwira ndi manja awiri, n'kukoka. Unalira mpaka mano anawayabwa. Mzere woyera unatsatira msomali, ukudula khoma ndi makina osokera a m'kalilole, ndipo a Telala anapempha amayi awo kuti awakhululukire, koma sanaime. Msomali utafika pakati unangoti zii. Unaterereka ngati waponda sopo, a Telala n'kupepesuka, n'kukagunda phewa pa kabati ya nsalu.

Anadzuka, n'kuyang'ana. Mzere unaima pakati penipeni, ngati waudula ndi sizasi. Kumanja, kumene iwo ankaima, kunalibe kanthu. Anayesanso kumanjako, anakanda chopingasa, chotsitsa, mano atakukuta, thukuta likuchucha. Kalilole anangowabwezera nkhope ya mayi wokwiya, yopanda mzere ndi umodzi womwe.

Anatola theka la ndodo yothyoka ija, n'kutuluka osakhoma chitseko. Achimwene awo anali akudula nyama pamene ndodo inawapeza pakhutu lomwe lija. Chimunthu chija chinataya chikwanje n'kubisala kuseri kwa nthiti za ng'ombe, ndipo chinaulula zonse makasitomala akumva. Chinati alamu anabwera tsiku lotsatira a Telala atangochoka. Anamenyana kuyambira pakhonde mpaka pa mpopi, iwo anawathyola mkono alamuwo, koma alamuwo anawaluma khutu osasiya mpaka kiyi inatuluka. Kalilole anamunyamula awiriwo atamukulunga m'mabulangete, magazi akudontha, kupita naye ku fakitale, n'kumubweza madzulo.

"Ndiye inu munangoyang'ana akumata pepala kalilole wa amayi?"

"Achemwali, ndinawafunsa kuti bwanji osaveka yense. Anati mbali yanu ivale, poti ndi imene ikufunika kukhalitsa. Yawo ikhale yamaliseche."

"Nanga mzere?"

"Msomali anautulutsa. Anauyandikiza pa kalilole, ine ndinati basi chala chapita. Koma anaubweza m'thumba. Anati mzere umenewu ndi wa inu eni ake, adzaujambula mukadzawapempha nokha."

A Telala anakweza ndodo kuti amenyenso, koma mkono unakana. Anakhala pa chitsa chodulira nyama, diresi lawo loyera bwino, n'kulira mokweza pakati pa ntchentche ndi makasitomala, akuwatukwana amuna awo mayina onse amene ankawatukwana ali moyo. Munthu amene analephera kugwira dzanja lake pamaso pa wapolisi anali ataligwira zaka zonsezo m'mawa uliwonse, ataima pambali pawo, ntchito atamaliza kale, kutangotsala kamzere.

Kalilole uja alipobe m'chipinda chakutsogolo, ndipo msomali unabwerera m'kambale. Achimwene awo anadzipereka kuti awagulire wina, a Telala anawafunsa ngati khutu linalo lawatopetsa. Posachedwapa kunabwera mkwatibwi kudzayesa diresi, mtsikana wa masiku ano wosadziwa nkhani za msewu uno. Anaima kumanzere, n'kuona mzere ukumudula pamimba, n'kukwinya nkhope, n'kufunsa ngati mayi alibe galasi labwinoko.

A Telala anachotsa mapini pakamwa, n'kumugwira mtsikanayo m'chiuno, n'kumusunthira kumanja.

"Ima mbali iyi, mwanawe," anatero. "Uko kuli eni ake."